Mtengo Umene a Welem Anawinda

Tupa inkalira pansi pa nyumba. Mayi Betsi anaimva ali pakhonde, akupinda nsalu zimene zinayalidwa pamatebulo a maliro dzulo lake, ndipo anadziwa kuti chikunoledwacho si mpeni. Anatsika makwerero pang'onopang'ono, dzanja lili pabondo. Pakati pa mizati ya nyumba, pomwe amuna awo a Welem ankasunga makasu ndi mbewu, anapeza mwana wawo Noldy atakhala pa chitsa, macheka a injini ali pamiyendo, akunola dzino ndi dzino.

"Dothi la pamanda a bambo ako silinaume n'komwe," anatero. "Iwe wayamba kale ntchito?"

"Ndi ntchito yawo yomwe, Amayi."

Noldy anali kalipentala mumzinda wa Manado. Manja ake sankadziwa kukhala chete, ndipo chisoni chikamugwira ankafuna chogwira. Anauzira utuchi wa chitsulo, osadzutsa mutu.

"Dzulo pochokera kumanda, a Hengky, mkulu wa mpingo uja, amayenda patsogolo panga ndi anzawo. Sanadziwe kuti ndili m'mbuyo. Ndinawamva akuti, 'Welem anali munthu wabwino, koma mtanda wa denga lathu wapita nawo kumanda.' Anzawowo n'kuseka."

Mayi Betsi anakhala pa khwerero lomaliza. Nkhaniyo sinali yachilendo m'mudzimo. Chaka chimene chivomezi chinang'amba tchalitchi, mabanja anaimirira limodzilimodzi kuwinda chimene adzapereke. Ena anati simenti, ena malata. A Welem anaimirira nawo, nawinda pamaso pa mpingo wonse mtengo waukulu wa chempaka umene unali kumunsi kwa munda wawo, m'malire ndi nkhalango. M'dera lonselo ndi wokhawo unali wautali wokwana mtanda waukulu wa denga. Makoma anamangidwa, malata anakhomedwa, koma mtengo sunabwere. Amisiri anangoimika mzati wongogwirizira pakati penipeni pa kanjira, ndipo akwati onse ankachita kuulambalala popita kutsogolo. Ana ankautchula kuti mzati wa a Welem.

"Lamulungu likudzali ndi kumaus, phwando lotsekera maliro," anatero Noldy. "Mudzi wonse udzadya nafe pabwalo pano, aliyense ndi mbale yake. Adzaimirira kunena zabwino za Ababa, m'mimba akuseka. Ine sindifuna. Ndauza kale amuna a gulu lathu lothandizana ntchito. Abwera Loweruka ndi zingwe ndi ngolo."

Mayi Betsi anayang'ana kanjira kotsikira kumunda. Ndi kanjira komweko kamene anthu anakwera nako atanyamula amuna awo pa chitseko. Adokotala anali atawaletsa kutsika ndi kukwera mtunda umenewo, koma a Welem m'mawa uliwonse ankatsika, ati kukalima, pomwe aliyense ankadziwa kuti theka la nthawiyo amakhala pabenchi akuyang'ana mbalame mumtengo uja. Mtima wawo unaimira pomwepo.

"Dula," anatero Mayi Betsi. "Wandidyera mwamuna mtengo umenewo. Dula."

Dzuwa lili pamutu anafika a Yopi, ndodo ya nsungwi kudzanja lamanja, kamtolo kokulunga m'tsamba la nthochi kukhwapa. Iwo ndi a Welem anakulira limodzi, anakwera mitengo ya kokonati limodzi, ndipo m'kwaya ya abambo ankaima moyandikana kuimba besi kufikira mano anayamba kuwathera.

"Odi, mlamu! Mbande za tsabola izi. Anandipempha mnzangayo sabata yatha."

"Nanga abzala ndani tsopano?"

"Tsabola sadziwa maliro, mlamu. Mumuike m'dothi basi."

"Khalani pansi musanagwe, nanunso. Maliro awiri sindingawathe."

"Ine? Ine sindifa msanga. Kumwamba anatumiza mawu kuti kwaya yawo ili bwino, safuna woisokoneza."

Mayi Betsi anafuna kuseka koma anadzigwira. Anawathirira khofi, nawaikira nthochi yokazinga m'mbale. A Yopi anakweza kapu, kenaka anaima nayo m'malere, akununkhiza mphepo.

"Petulo ameneyu ngwachiyani?"

Noldy anakwera pakhonde akupukuta manja, nawafotokozera zonse mwaulemu. A Yopi anamvetsera mpaka mapeto, naika kapu pansi khofi asanamwe.

"Nol, mwana wanga, mayiyo ali m'kati."

"Mayi uti, Om Yopi?" anafunsa Noldy, amene kuyambira ali mwana ankawatchula Om, kutanthauza amalume.

"Alo wamkazi. Analowa m'phanga la mtengowo mwezi watha. Wadzimatira kale."

Noldy anakulira m'mudzimo, ndipo khalidwe la mbalame za alo ankalidziwa, ngakhale anali ataliiwala mumzinda. Yaikazi ikafuna kuikira imalowa m'phanga la mtengo wautali, n'kumata khomo kusiya kampata kongokwana nsonga ya mlomo. M'katimo imathothoka nthenga. Yaimuna ndiyo imaibweretsera nkhuyu, tsiku ndi tsiku, kufikira mwana atakula, mayi n'kugumula khomo.

"Ukaugwetsa Loweruka," anatero a Yopi, "sangathawe. Alibe khomo, alibe nthenga."

"Om Yopi, inu ndi amene munatiphunzitsa ku Sande sukulu. Munati ukalonjeza kwa Mulungu usachedwe. Munati kuli bwino kutseka pakamwa kusiyana ndi kuwinda osachita."

"Ndinatero. Koma buku lomwelo limatinso ukapeza chisa, usatenge make pamodzi ndi ana. Tsiku limenelo unajomba?"

"Ngati mukufuna kugendana ndi mavesi, kagendaneni kubwalo," anatero Mayi Betsi. "Pano ndakolopa."

A Yopi anatembenukira kwa iwo.

"Mlamu, inu ndiye muyenera kumuikira kumbuyo mayi ameneyu. Ndi mnzanu wa dzina."

"Mukuti chiyani?"

"Welem anamutcha Betsi."

"Mbalame? Dzina langa?"

"Amati thupi lonse lili m'nyumba, panja pamaoneka mlomo wokha."

Noldy anatsokomola, nayang'ana kumbali. Mayi Betsi anaimirira, natenga mbale ya nthochi ija patsogolo pa a Yopi.

"Nkhalamba ziwiri zopanda ntchito! Ine ndikupsa ndi moto kukhitchini, inu muli pabenchi mukundijeda ndi mbalame. Mwadya zokwana."

Analowa m'nyumba, koma anaima kuseri kwa chitseko, ndipo zotsalazo anazimva zonse.

"Dikira atuluke kaye," anatero a Yopi. "Miyezi yochepa chabe."

"Akatuluka ibwera mvula, njira iterera, ngolo singatsike. Mvula ikatha abweranso kudzamata. Ndi nyimbo yomweyo imene Ababa ankaimba chaka ndi chaka, Om. Ndikunama?"

A Yopi anavomera ndi mutu.

"Sukunama. Pomwe amawinda anali asanalione phangalo. Analiona tsiku lomwe anatsika ndi nkhwangwa kukaika chizindikiro. Kuyambira pamenepo analibe mtendere. Iwe umati ankaseka nawo za mzatiwo? Anasiya kukhala kutsogolo m'tchalitchi. Ankakhala kuseri kwa mzati womwewo, kuti aziuona Sabata lililonse. Ankati munthu azikhala pafupi ndi mlandu wake."

"Ndiye ndiwamasule, Om. Ndine mwana wawo."

A Yopi anafufuza ndodo yawo, naimirira.

"Ndiwe mwana wawo ndithu. Mutu womwewo wa mwala."

Lachisanu m'mawa Mayi Betsi anatenga dengu kukathyola ndiwo za phwando. Anali atatha nthawi yaitali osatsika kumundako, chifukwa cha chiuno chimene chinathyoka zaka zapitazo. Anatsika chammbali, akugwira mitengo ya chinangwa.

Munda unali monga mwini wake anausiyira. Anyezi anali m'mizere yowongoka, mabilinganya atamangiriridwa ku timitengo ndi luzi la nthochi. Khasu linali chiimire pamzere wosatha, dothi litaumira pa mpini. Mayi Betsi sanalikhudze. Anathyola masamba a dzungu, nsonga za chinangwa ndi maluwa a papaya. Kumapeto kwa munda, pafupi ndi nkhalango, anapeza mzere wa chimanga wosokonekera, zitsononkho zili mbwee pansi. Umenewo unali mzere wa anyani akuda. A Welem ankaubzala dala chaka chilichonse, ndipo akafunsidwa ankati ngakhale m'munda wa Israeli ankasiya m'mphepete kuti mlendo akunkhe. Mayi Betsi ankawayankha kuti mlendo wa m'Baibulo analibe mchira. A Welem ankati anyani a kuno nawonso alibe.

Bondo linayamba kuwawa, ndipo pokhala panalibe pena koma pabenchi paja. Linali la nsungwi, losalala malo awiri pomwe anthu awiri ankakhala. Anakhala pakati, dengu pamiyendo, nadziuza kuti akungopumula.

Mtengowo unaima patsogolo pawo, wowongoka, wopanda nthambi mpaka m'mwamba. Pa thunthu panali chipsera chakale cha nkhwangwa, kamodzi kokha, chitapola.

Poyamba anamva mapiko, ngati munthu akupeta mpunga patali, kenaka pafupi. Alo wamwamuna anatera pa nthambi youma, wamkulu ngati tambala wa nkhukundembo, mlomo wachikasu, chipewa chofiira pamutu. Anayang'ana uku ndi uku, nadumphira pa thunthu, nagwira ndi zikhadabo, mchira woyera utatsamira pa khungwa. Pamenepo Mayi Betsi anakaona kampata kaja, kakang'ono ngati chala. M'kampatamo munatuluka nsonga ya mlomo.

Yaimunayo inakoka khosi, nkhuyu imodzi n'kutulukira kunsonga ya mlomo wake. Inaipereka. Inakokanso, inaperekanso. Nkhuyu ina mlomo wa m'kati uja unaikana, n'kuigwetsa pansi, ndipo m'phangamo munamveka kung'ung'udza. Yaimuna sinachite kanthu. Inangotulutsa ina.

Mayi Betsi anakumbukira miyezi imene anagona osadzuka chiuno chitathyoka. A Welem, munthu amene sankadziwa ngakhale kuwiritsa madzi, ankaphika phala la mpunga ndi dzungu, n'kulibweretsa pabedi. Iwo ankangotulutsa mutu m'neti. Mchere wachuluka. Lapserera. Lazizira. Kodi mwaphika ndi madzi otsukira mbale? A Welem ankatenga mbale osayankha, n'kutuluka, n'kubweranso ndi ina.

Anaseka okha pabenchipo, kuseka kokweza, mpaka mbalame ija inatembenuza mutu kuwayang'ana. Kusekako kunathera m'misozi, ndipo anaisiya itsike. Kuyambira tsiku la imfa anali asanalire bwino, chifukwa nyumba inali yodzaza anthu ofuna tiyi.

"Ambuye," anatero chapansipansi, "munandipatsa munthu wovuta. Zikomo."

Noldy anawapeza pomwepo. Anabwera ndi chikwanje kudzalambula pomwe mtengo udzagwere.

"Amayi, mwatsika bwanji nokha?"

"Ndi miyendo. Khala pansi."

Anakhala. Mbalame ija inali itapita, ndipo pa thunthu sipankaoneka kanthu.

"Mawu anga aja ndawabweza," anatero Mayi Betsi. "Usaudule."

"Amayi…"

"Bambo ako anaupereka kwa Mulungu, si choncho? Ndiye ndi wa Mulungu. Mwini wake waikamo alendo ake. Ine sindikawatulutsa."

"Nanga mzati uja? Mulungu yemweyo nyumba yake ikuyendera ndodo. Lamulungu ndikaime pamaso pa anthu ndinene kuti chiyani? Kuti banja la a Welem limawinda ndi pakamwa, n'kupereka kwa mbalame?"

"Sindikudziwa, mwananga."

"Ngati simukudziwa, musandiletse."

Sanakangane kupitirira apo. Noldy ananyamula dengu, nawagwira mkono, nayamba kukwera. Chapamwamba, pafupi ndi mpanda wa nyumba, Mayi Betsi anaima kupuma, natsamiritsa dzanja pa mtengo umene unali pambali pa njira. Inali mitengo iwiri ya chempaka, yoimirira moyandikana, yosalala, yofanana msinkhu. M'dera limenelo mwana wamwamuna akabadwa, bambo wake amamubzalira chempaka, kuti mwana ndi mtengo zikulire limodzi, ndipo tsiku lina adzachekemo matabwa a nyumba yake. Iwiriyo inali ya Noldy. Mkazi wake Meiske anali ataiyeza kale ndi mikono pa masiku a malirowo, chifukwa ku Manado ankakhala ndi ana awiri m'chipinda cha lendi kuseri kwa shopu ya matabwa, momwe utuchi unkalowa mpaka m'mpunga.

Noldy anayang'ana dzanja la mayi ake pa khungwa, nayang'ana m'mwamba.

"Musatero, Amayi."

"Ine sindinanene kanthu. Ndikupuma."

"Mwanena."

"Mulungu ndi mboni, mwananga, sindingakupemphe zimenezo. Imeneyi ndi yako."

Anapitiriza kukwera mpaka kunyumba.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, Noldy anapita kuseri kwa khitchini komwe Meiske ankathira mpunga m'nsungwi zophikira. Anakhala pambali pake, nayamba kumupatsira masamba okulungira. Analankhula motsitsa mawu za mitengo iwiri ija, nthawi yaitali. Meiske sanasiye ntchito.

"Ana ako akutsokomola utuchi," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa."

"Unandiuza kuti timanga chaka chamawa. Chaka chathanso unati chaka chamawa. Ukufanana ndi bambo ako, ukudziwa?"

"Anthu akundiuza."

"Ndiye ine ndisiyidwe wopanda nyumba chifukwa cha mbalame."

"Chifukwa cha Ababa, Meis. Sindingasiye mzati uja, ndiponso sindingathe kuupha mtengo umene iwo analephera kuupha. Ndayesa kuganiza njira ina. Ngati uli nayo, ndiuze."

Meiske anatseka nsungwi ndi tsamba, naitsamiritsa pa zinzake, natenga ina.

"Njira ndilibe," anatero. "Koma umve bwino. Sindinavomere. Ndangosiya kukana."

Loweruka amuna anafika mame asanaume, zingwe zili paphewa, ngolo ya ng'ombe ikubwera m'mbuyo. A Hengky anali patsogolo atavala chipewa cha mlaza, ndipo a Yopi anabwera pomalizira, osaitanidwa, ndodo ikugogoda miyala. Noldy ananyamula macheka nawatsogolera. Atangodutsa mpanda anaima, naika macheka pansi.

"Ndi pano."

"Pano bwanji?" anafunsa a Hengky. "Waukulu uja uli kumunsi."

"Waukuluwo muli chisa. Tidula iwiri iyi."

Amuna aja anayang'anana. Onse ankadziwa kuti mitengoyo inali ya yani, ndipo ena mwa iwo analipo tsiku limene inabzalidwa.

"Noldy, imeneyi ndi nyumba yako," anatero a Hengky.

"Inali."

"Komanso chowinda sasinthanitsa, mwanawe. Bambo ako anatchula mtengo wake."

"Hengky," anatero a Yopi kumbuyo, "munthu akakulonjeza nkhumba imodzi n'kukubweretsera ziwiri, iwe ungathamangire kukatsegula Levitiko? Si iwe ungayambe kusaka chingwe?"

Amuna anaseka. A Hengky nawonso anamwetulira, koma anapukusa mutu.

"Si za kuchuluka, Yopi. Ndi yaifupi. Mtanda ukufunika umodzi, kuchokera khoma ili kufika ilo."

"Ndidzailumikiza ndekha," anatero Noldy. "Ndi ntchito yanga imeneyo. Ndidzasema polumikizira motalika, n'kukhoma ndi zikhomo za mtengo. Ndalumikizapo mitanda yotalika kuposa apo. Ndikhala kuno mpaka utakwera, ndipo mzati uja ndidzauchotsa ndi manja anga. Ukadzagwa, mudzauike pa dzina langa, osati la Ababa."

A Hengky anazungulira mitengo iwiriyo, akuigogoda ndi nkhonya, akuyang'ana m'mwamba. Kenaka anavula chipewa, nachizunguza m'manja.

"Mawu aja ndinanena pochokera kumanda… unawamva, eti?"

"Ndinawamva."

"Pakamwa pangapa akazi anga amati pakufunika chotsekera. Welem anali mnzanga. Undikhululukire, mwanawe."

"Zatha, bambo."

"Nanga waukuluwo?" anafunsa wina.

"Waukuluwo uli ndi Mwini wake," anatero a Hengky. "Tiyeni tipemphere, dzuwa likukwera."

Anavula zipewa. A Hengky anapemphera mwachidule, kupempha kuti mtengo ugwe bwino, usapweteke munthu, ndi kuti Iye amene amapatsa mbalame pokhala akumbukirenso ana a anthu amene alibe nyumba. Atati ameni, Noldy anakoka chingwe cha injini yekha.

Mtengo woyamba unagwa mowongoka, pakati pa mizere ya chinangwa, osathyola ngakhale phata limodzi. Fungo la chempaka linadzaza bwalo lonse, mpaka kukhitchini. Kumeneko Mayi Betsi ankasenda anyezi akuimba chamumtima nyimbo ya Isitala, imene amuna awo ankaikonda. Meiske anali atafulatira zenera. Wachiwiri utagwa, anaima kaye, mpeni uli m'manja. Mayi Betsi anasendera pafupi, naika dzanja pamsana pake. Patapita kanthawi Meiske anayambanso kudula ndiwo.

Lamulungu anthu anabwera pochokera kutchalitchi, aliyense ndi mbale yake, nayala masamba a nthochi pamatebulo aatali. Mitengo iwiri ija inali chigonere m'mbali mwa bwalo, itasendedwa makungwa, ndipo ana ankakhalapo podya. A Hengky anaimirira nanena kuti chowinda cha a Welem chafika. Sanatalikitse. Anthu anaimba, anadya, anatsuka mbale, nayamba kubalalika dzuwa litapendeka.

A Yopi anatsalira. Anaitana Noldy.

"Nol, nditsitse kumunda."

"Mwatopa, Om. Mawa."

"Mawa ndi la Mulungu. Tiye."

Panjira a Yopi anamugwira pachigongono mwamphamvu, ndipo phazi lililonse ankaliponya atayamba afufuza ndi ndodo. Pa muzu wina woonekeratu anapunthwa. Atafika pabenchi anapapasa nsungwi ndi dzanja, napeza malo awo osalala, nakhala. Noldy anakhala pa malo enawo.

Anadikira. Kunkhalango anyani ankaitanizana. Kenaka anamveka mapiko aja, akuyandikira, ndipo nthambi youma inalira.

A Yopi anapendeketsa mutu. Nkhope yawo inaloza kumtengo, koma chakumanzere pang'ono, komwe kunalibe kanthu. Noldy anawayang'ana m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti m'katikati mwake munali moyera ngati madzi otsukira mpunga.

"Om Yopi… mukuiona?"

"Ndikuona kuwala ndi mdima, mwanawe. Ndi kale."

"Amayi akudziwa?"

"Amati ndimaimba osatsegula buku chifukwa cha matama. Asiye atero." Anakweza chala. "Tamvera. Nthawi ngati ino mnzangayo amakhala atayamba kale."

"Kuyamba chiyani?"

"Kundiuza. Umati ankatsikira chiyani m'mawa uliwonse, adokotala atamuletsa? Mbalamezi iye anaziona mpaka kukhuta. Tiye, nena. Ikutani?"

Noldy anayang'ana m'mwamba.

"Yatera pa nthambi."

"Nthambi iti? Bambo ako samanena zogwiragwira."

"Youma ija, ya kumanja. Ikuyang'ana uku ndi uku. Tsopano… tsopano yadumphira pa thunthu."

"Mchira?"

"Wautsamiritsa pa khungwa."

"Eya. Nanga mayiyo?"

"Watulutsa mlomo."

A Yopi anatsamira m'mbuyo, naika manja onse awiri pamutu pa ndodo, natseka maso.

"Pitiriza," anatero. "Usathamange."